Mapu Ofiira a Masana ku Chikangawa

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, namwino wa pa boma pa Mzimba. Anamva kwa wodwala wawo kuti kampani ina ya mitengo ku Chikangawa ikufuna munthu wodziwa masamu. Ndinakwera lole ya matabwa osadziwa n'komwe kuti ngozi ya moto amaiyeza.

Amaiyeza ndithu. Anandipatsa kathabwa kozunguza kokhala ndi mathemomita awiri, imodzi youma, ina yokulunga kansalu konyowa. Ukazunguza, kusiyana kwa ziwirizo kumakuuza chinyezi cha mumpweya. Ukaphatikiza ndi mphamvu ya mphepo, kutalika kwa udzu ndi masiku amene mvula yasowa, umapaka mapu a nkhalango chigawo ndi chigawo. Chobiriwira kulibe mantha, chachikasu khalani tcheru, chofiira tumizani anthu ndi zikwapu zozimitsira moto.

Minga inali a Mhone, abwana anga. Ankalamula kuti ndiziyeza seveni koloko mamawa, mapu athe msanga, iwo anyamuke ndi galimoto ya kampani kukazungulira pa boma. Koma mamawa ku Chikangawa ndi mame ndi chifunga, chilichonse chimatuluka chobiriwira! Nditawauza kuti moto umayaka masana, anandiseka pamaso pa antchito onse.

"Iwe mwana wa ku Ntcheu, mitengo iyi ndinabzala ndine. Mbwenu pita ukayeze kachewere kwanu."

Mumtima ndinati tionana. Kuyambira tsiku limenelo ndinkayezanso wani koloko, n'kupaka mapu achiwiri olemba deti, n'kukawasiya kwa ada Tembo, mlonda wa pa nsanja yoonera moto.

Tsiku lina mu Okutobala chigawo cha kumadzulo chinatuluka chofiira psuu. Kumeneko abusa a ng'ombe amatentha udzu wakale kuti msipu uphuke, ndipo malire otchinga moto anali osalambula. Ndinawaimbira a Mhone ndili pa nsanja pomwepo.

"Mapu ndasaina kale, ngobiriwira. Usandisokoneze."

Isanakwane fili koloko moto unali utadumpha malire. Tinamenya ndi zikwapu mpaka manja matuza okhaokha, ada Tembo n'kupsa mkono, koma chigawo chonse chinatsala makala.

Pa msonkhano a Mhone anayala mapu a mamawa patsogolo pa manejala. "Mtsikanayu sadziwa kuyeza, onani nokha." Kalata yondichotsa ntchito inali italembedwa kale. Apo m'pamene analowa ada Tembo, mkono uli mubandeji, mtolo wa mapu m'khwapa.

"Yewo bwana, awa nga masana. Ndipo poimba foni ndinalipo."

Manejala anawatsegula limodzilimodzi. "A Mhone, wani koloko tsiku limenelo munali kuti?"

Ine ntchito sinandithere.

Manejala anawatsitsa udindo a Mhone n'kuwaika m'gulu lolambula malire, ndipo kokalambula kunkachokera pa mapu anga. Sindinanamepo pa mapu olo kamodzi. Koma uthenga ndinkakapereka ndekha, dzuwa lili paliwombo, iwo thukuta lili kamukamu, ine n'kumazunguza kathabwa kanga pamphuno pawo.

"A Mhone, chinyezi chatsika chomene lero. Chitani changu."

Ndinaphunzira kuyeza moto pa nthawi imene umayaka, ndi kusasiya pepala lokhalo m'manja mwa munthu wondinyoza. Chisoni ndi a Mhone ndinalibe, ndipo mpaka lero ndilibe.