Mayi Ozella ndi Mayunifolomu a M'kanema

Mayi Ozella Tarver anakhala telala wa m'tauni ya Tallow Creek, ku Georgia m'dziko la America, kwa zaka zoposa makumi asanu. Makina awo ankakhala pakhonde la kuseri, ndipo akwatibwi ambiri a kutsidya kwa njanji, kumene kunkakhala anthu akuda, anavala madiresi osokedwa pamenepo. Koma luso la singano analiphunzirira pa zovala za besibo, mpira woponya ndi dzanja n'kumenya ndi chibonga. Ali mtsikana, ndiwo ankachapa ndi kuika zigamba mayunifolomu a timu ya anthu akuda ya m'tauniyo.

Buluku limene linkabwera long'ambika m'maondo sabata ndi sabata linali la a Cleophus, wowakha mpira, amene ankakhalira kunjuta kumbuyo kwa womenya. Tsiku lina Mayi Ozella anawafunsa ngati kwawo amachokera chogwada. A Cleophus anati akasiya kung'amba adzasowa chobwerera. Chaka chisanathe anakwatirana.

Pamene matimu a azungu anayamba kulandira osewera akuda, a Cleophus anali atadutsa zaka makumi atatu, maondo atatha. Azunguwo anasankha anyamata awiri okha. Anthu anatsatira anyamatawo, ndipo timu ya akuda inangozilala. A Cleophus anakalowa ntchito kocheka matabwa, ndipo za mpira sankazikambanso, ngakhale kwa ana awo anayi.

M'chilimwe cha 1996 kunafika anthu ojambula kanema. Bwalo lakale la m'tauniyo linawakomera, chifukwa nkhani yawo inali ya mnyamata wakuda woyamba kusewera mu timu ya azungu. Woyang'anira zovala, mtsikana wa ku California dzina lake Corinne, anabwera ndi mtolo wa mabuluku oti afupikitsidwe. Mayi Ozella anapsipsinta nsaluyo ndi zala.

"Izi ndi zogonera kapena zosewerera?"

"Ndi mayunifolomu, amayi. A mu 1949."

"Ayi, mwanawe. Mu 1949 ine ndinaliko. Nsalu yake inali yaubweya, yoti ukachapa umafinya ndi mnzako. Ndipo ya timu ya akuda inali isanayerepo chonchi."

Corinne anakhala pansi natulutsa kope. Patatha masiku anabweranso ndi ena aubweya, napempha kuti amayiwo awakalambitse. Mayi Ozella anawanyika mu tiyi, kuwakhutiza pa njerwa, kuwapondaponda m'dothi lofiira, kenako n'kuika zigamba m'maondo ndi ulusi wosiyana mtundu. A Cleophus ankangoonera ali pampando wawo wogwedera.

"Mwakalamba n'kuyamba kuwononga zovala za eni ake?"

"Akufunanso anthu odzakhala m'bwalo ngati oonera," anatero Mayi Ozella. "Ndalembetsa tonse awiri."

"Mukandifufute. Kanema ameneyo ndi wa amene analowa. Ife otsala panja ndani anatijambulapo?"

Mayi Ozella ankadziwa kuti pamenepo m'pabala. Anadikira mpaka pa chakudya chamasana, akudula chigumu, n'kunena ngati akulankhula ndi mbale.

"Mnyamata amene akhale wowakha uja ndamuona dzulo. Amanjuta ngati nkhuku yoikira. Dzanja lopanda gulovu amaliika patsogolo, zala atatambasula."

A Cleophus anasiya kutafuna. "Atatambasula? Mpira umuthyola zala ameneyo!"

"Si zala zanu. Idyani."

M'mawa mwake anapeza amuna awo atavala kale chipewa, akuwadzudzula kuti amachedwa pokonzeka.

Atafika kubwalo, Mayi Ozella anaima kaye pachipata. Ojambulawo anali atamanganso chingwe chakale cholekanitsa mipando, akuda kudzuwa, azungu kumthunzi. Kenaka Mayi Ozella anakonza chipewa chawo chakutchalitchi, nakwera kukakhala pamzere wachitatu, pamene ankakhala kale.

Mkulu wa kanemayo, a Brannigan, anafuula pachimkuzamawu kuti mnyamata wakuda wa mu timu ya azungu uja akangotulukira m'bwalo, azungu atukwane, akuda onse alumphe ndi kukuwa. Mayi Ozella anakweza dzanja ngati mwana wasukulu, ndipo Corinne anakanong'oneza abwana akewo mpaka anabwera.

"Bambo, ife sitinakuwe," anatero Mayi Ozella. "Tsiku limene mnyamata wakuda woyamba anasewera pano ndi azungu, abusa anali atatichenjeza kuti wina asayankhe chipongwe, wina asabwere atalawa. Tinabwera titavala za Lamulungu. Atatulukira, tinangoimirira. Basi."

"Kungoimirira, osanena kanthu?"

"Mukanatiuza kuti tikuwe, mawu akanatuluka?"

A Brannigan anakanda kumutu, nati ayese choncho kamodzi. Mnyamata anatulukira, mbali ya kumthunzi inaphulika ndi matukwano, ndipo anthu mazana awiri a kudzuwa anaimirira chete. Mayi Ozella anamva dzanja la a Cleophus likufinya lawo. A Brannigan sanapemphenso kujambula mwa njira ina.

Pa nthawi yopuma kunabwera Delbert Coy, mzungu woperekera makalata amene anali m'gulu la otukwana aja, nkhope ili psuu, chipewa chili m'manja.

"Mayi Tarver, mawu aja anachita kundilembera papepala."

"Ndikudziwa, Delbert. Bambo ako ankawatchula bwino kuposa iwe, popanda pepala." Anamuyang'ana akusowa poponya maso, kenaka anamutambasulira thumba la mtedza wophika. "Tapa, ukadali wofunda. Khala pansi, chingwechi sichiluma."

Pamenepo n'kuti a Cleophus atatsikira kale m'bwalo popanda wowaitana. Anamulanda gulovu mnyamata wowakha uja, nanjuta okha kumuonetsa pobisa dzanja. Kunjuta kunatheka, koma kudzuka kunakanika, mpaka amuna awiri anachita kuwanyamula m'khwapa, iwo akulangizabe. Kwa milungu itatu yotsatira ankalawirira kubwalo tsiku lililonse, ndipo osewera onse ankawatcha aphunzitsi. Pobwera kunyumba nkhani zinkachita kusefukira: za basi yakale ya timu, za matauni amene ankawakaniza pogona, za woponya wina amene ankapemphera asanaponye mpira uliwonse. Mayi Ozella ankangopalasa makina, kumvetsera zinthu zimene anazidikira zaka makumi anayi.

Kanemayo atatuluka, mpingo wonse unapita kukaonera. Mayi Ozella anaoneka kanthawi kochepa zedi, ndipo chinaoneka kwenikweni chinali chipewa. A Cleophus anabisika ndi mutu wa munthu wina. Koma wowakha atanjuta dzanja lili kumbuyo, iwo anaimirira m'holo muja n'kufuula kuti, "Eya, mwana wanga!" mpaka anthu a kumbuyo anawapempha kuti akhale pansi.

A Cleophus anamwalira patatha zaka ziwiri. Mayi Ozella anapitiriza kusoka mpaka maso anayamba kuchita chifunga, ndipo mwana wawo wamkazi anawatengera ku Savannah. Kumeneko analowa kwaya ya amayi achikulire, ndipo pasanathe mwezi anali atakangana kale ndi mkazi wa abusa pa za kutalika kwa mikanjo ya kwayayo.