Njinga ya Msinkhu wa Amuna Anga

Inu owerenga, ine ndinalola mwamuna kundisankhira njinga yoti ndizikwera ineyo, yogula ndi thukuta langa lomwe, ndipo kupusa kumeneko kunandithyola fupa n'kundithetsera banja. Banjalo sindikulilira ayi. Ndikulemba izi mtima udakali wowawa, choncho mukamva ukali m'mawu angawa musafulumire kundiuza kuti ndiugwire mtima. Yambani mwamva nkhani yonse.

Ndine mlangizi wa zaumoyo kuno kwa Kanduku. Ntchito yanga ndi yoyendayenda m'midzi: sikelo ya ana, katemera, kuona zitsime ndi zimbudzi. Amene mukulidziwa dera lathuli mukudziwa kuti kuno ukamatsetsereka usasangalale, chifukwa kutsogoloko chitunda chikukudikira, ndipo njira zake ndi miyala yokhayokha. Njinga yakale imene ndinkayendera inali itatheratu, moti masiku ambiri ndinkangoyenda wapansi, sikelo ili pamutu. Chaka chimenecho manachesi a m'munda umene anandisiyira malemu mayi anga anabereka mochititsa kaso, ogula n'kuchita kubwera okha ndi galimoto kuchokera ku Blantyre. Ndinati basi, ulendo uno ndigula njinga yatsopano ya magiya, ya matayala okhuthala, zija anazipangira kukwera mapiri.

Ine ndine wamfupi, ndipo sindichita nazo manyazi. Amuna anga, bambo a Tadala, ndi atali oti polowa m'nyumba amachita kuwerama. Nditawauza maganizo anga anasangalala kuposa ine mwini wake. Anati zinthu za zitsulo munthu wamkazi amaberedwa, ndiye andiperekeza okha kuboma. Ndinaona ngati ndi chikondi.

M'sitolo imene tinalowa munali njinga zingapo zoterozo. Maso anga anagwera pa ina yobiriwira, yocheperako, ya matayala a mainchesi 26, felemu yake yotsika bwino. Koma amuna anga anali atagwira kale chishalo cha ina yofiira, chinjinga chachikulu cha matayala a 29, chokhala ndi masipuling'i kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Anayamba kundiphunzitsa ngati iwo ndiwo anaipanga. Anati tayala lalikulu limangodutsa pamwamba pa miyala pamene laling'ono limakodwa. Anati masipuling'i awiri ndiye kuti msana wanga sudzamvanso mabampu. Ndinafunsa kuti nanga kaliyala ali kuti, popeza ndimanyamula sikelo ndi bokosi la katemera. Anayankha kuti njinga ya sipuling'i kumbuyo siikhala ndi kaliyala, katundu ndizibereka kumsana ngati azungu.

Wogulitsayo, bambo wachikulire ndithu, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti, "Okwera ndi amayiwa eti? Ndiye aime kaye pakati pa njingayo tione." Ndinakweza mwendo n'kuima. Chitsulo chapamwamba cha felemu chinandifika moti ndinachita kuima ndi zala za kuphazi. Nditakhala pachishalo, manja anafika pa handulo movutikira, ngati ndikutola chinthu chogwera kutsidya kwa tebulo. Bambo aja anapukusa mutu, koma asananene kanthu amuna anga anawadula: "Azolowera awa. Chishalochi titsitsa. Mukufuna mutigulitse ya ana?"

Inu owerenga, pamenepo mpamene ndikanalankhula. Koma ndinali nditavala chitenje, pakhonde la sitolo panali anyamata a kabaza akutiyang'ana, ndipo sindinafune kutsutsa mwamuna wanga pagulu. Sindinaipalase n'komwe kuti ndiiyese. Tinagula yofiirayo. Pobwerera kumudzi amuna anga anati aipalase iwo kuti aimve ngati ili bwino, ine ndikwere galimoto. Ndinawaona akunyamuka, msana uli chilili, miyendo ikutambasuka bwinobwino, njinga itawakhala ngati anachita kuwayeza kwa telala. Ngakhale pamenepo sindinazindikire kanthu.

Ndinalimbana nayo njinga ija kwa milungu ingapo. Chishalo tinachitsitsa mpaka pamapeto, komabe ndikafuna kuima ndinkachita kudumphira kumbali. Masipuling'i aja anali olimba, thupi langa silinkawatsitsa n'komwe, anangokhala katundu wowonjezera wokankha pa chitunda. Zogwirira mabuleki zinali patali ndi zala zanga. Madzulo khosi ndi mapewa zinkawawa ngati ndasenza matumba a chimanga. Ndikadandaula, amuna anga ankangoti, "Mayi a Tadala, chinthu chabwino chimafuna kuzolowera."

Tsiku la ngozi kunali kotentha, nthawi ija fumbi limakhala litakuta miyala. Ndinali kupita ku sikelo kumudzi wina wa kutsidya kwa mtsinje, chikwama cholemera chili kumsana. Pamtsetse wolowera kumtsinjeko mbuzi inatulukira m'tchire. Ndinafuna kugwira mabuleki onse awiri, koma zala zinangofikira lakutsogolo. Tayala linatsetsereka. Ndinaponya phazi kuti ndiponde pansi, pansi pake osapapeza. Chitsulo chija chinandimenya, njinga n'kunditaya pamwala, chikwama n'kundipsinja pamwamba. Ndinamva kuti thyo! apa pakati pa khosi ndi phewa. Amayi amene ankandidikira ku sikelo ndi ana awo kumsana ndi amene anadzanditola. Ine wobwera kudzawasamalira, anandinyamula pachitenje ngati mtembo.

Kuchipatala kuboma anandimanga mkono n'kundiuza kuti ndikhale osagwira ntchito yolemetsa. Nditabwerera kunyumba ndinapeza chishalo cha njinga ija chitakwezedwa kale m'mwamba. Amuna anga anati njinga ikangokhala imachita dzimbiri. Anayamba maulendo. Lero akuti akukafunsa mtengo wa feteleza, mawa akuti kwa mnzawo kuli zovuta. Ankachoka atasamba, atadzola mafuta anga onunkhira, ine n'kutsala ndikuvutika kumanga chitenje ndi dzanja limodzi.

Mlamu wanga, mkazi wa achimwene anga aakulu, amapita kumalire a dziko lino kukapikula zitenje. Tsiku lina anabwera n'kukhala nane pamkeka, akuzungulira nkhani, mpaka anandiuza kuti njinga yofiira ngati yanga waiona kangapo itatsamira pakhoma la nyumba ina kuseri kwa malo oimika mathiraki. M'nyumbamo mumakhala mayi wina wogulitsa chakudya kwa madalaivala. Ndinamuyankha kuti njinga zofiira n'zambiri.

Chimene chinandimaliza ndinachimva ndi makutu angawa. Masana ena ndinagona m'chipinda, zenera lili lotsekula, amuna anga ali ndi mnzawo pansi pa mtengo wa mango akupukuta njinga ija. Ankayesa kuti ndili m'tulo. Mnzawoyo anaiyamikira, iwo n'kuseka.

"Amwene, mkazi ukamulola kugula ya msinkhu wake, iwe uyendera chiyani? Ine ndinayeza miyendo yangayi. Ndinkadziwa kuti imutopetsa, aisiya yekha."

"Nanga kugwa kuja?"

"Kugwako sindinakonze ine. Koma kwandifupikitsira nkhani."

Anaseka onse awiri mpaka kuwombana m'manja.

Inu owerenga, sindinalire. Ndinangogona chagada n'kumayang'ana malata, ndikumva mtima ukugunda pamene panathyoka paja. Munthu amene ndinamulandira pamudzi pa mayi anga, amene ankadya za m'munda mwanga, anaima m'sitolo muja akuona ine ndikunyang'ama pa zala za kuphazi, iye akuwerengera ulendo wa kwa mkazi wina. Sindibisa, ndinafuna kuti afe. Tsiku lotsatira, iwo ali kubafa, ndinatenga pulayala m'bokosi la zitsulo n'kupita pamene panali njingayo. Ndinkaudziwa mtsetse umene ankadutsa popita kumalire, ndipo ndinkadziwa kuti waya wa buleki ukamudula pang'ono amakaduka yekha pamene wamufunitsitsa. Ndinagwira wayayo ndi pulayala.

Chinandiletsa si chisoni ayi. Ndinaganiza za Tadala, mwana wanga wamkazi, kuti akula mayi ake ali kundende. Ndinaganizanso kuti munthu wakufa samva manyazi, ndipo anthu akanabwera kudzamulira ngati munthu wabwino, ine n'kumawaphikira. Ndinabweza pulayala ija. Ndinasankha kudikira.

Ndinadikira mpaka fupa linagwirana. Masiku onsewo ndinkawapatsa madzi osamba, kuwafunsa ngati ayenda bwino, kuwamwetulira. Achimwene anga, amene ndiwo ankhoswe anga, ndinali nditawauza zonse. Tinasankha tsiku limene kumalire kumadzaza anthu. Amuna anga atanyamuka kuti akukaona za feteleza, ife atatu, ine, achimwene ndi mlamu wanga, tinakwera galimoto n'kuwatsatira.

Njinga tinaipeza pakhoma pomwe paja, ikuwala. Sindinagogode pachitseko. Ndinangoigwira n'kuyamba kuliza belu, kuliza, kuliza, mpaka madalaivala amene ankadya pafupi anatembenuka, osintha ndalama nawo n'kuyandikira. Chitseko chinatsekuka. Anatuluka amuna anga atavala vesiti, kuphazi kulibe nsapato, mayi uja akusuzumira kumbuyo kwawo. Atandiona ine ndi achimwene, pakamwa panangoti yasa.

Ndinalankhula mokweza kuti aliyense amve. "Mayi, musaope, sindinabwere kudzamenyana. Mwamunayu ndi wanu, ndakupatsani. Koma njingayi ndi ya manachesi a mayi anga. Azibwera kwanu kuno pa miyendo yake yaitaliyo, imene anaiyeza m'sitolo."

Anthu anafa nacho chiseko. Dalaivala wina anachita kuliza hutala. Amuna anga anayesa kunena kuti tikakambirane kunyumba, achimwene n'kuwafunsa modekha kuti, "Kunyumba kwake kuti, alamu?" Achimwene anakwera njinga ija, ife n'kubwerera pagalimoto. Bambo a Tadala anafika kumudzi wapansi dzuwa litapendeka, fumbi lili mbuu mpaka m'mawondo, n'kupeza zovala zawo zili m'thumba la feteleza pakhonde. Feteleza amene ankamufunafuna uja anamupeza tsiku limenelo. Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pambuyo pake, koma ine mawu anga anali amodzi. Bambo a Tadala ndinawaonerera akutsika chitunda cha kwathu thumba lili pamutu, ndipo ndikanama ndikati sindinamve kukoma.

Njinga yofiira ndinaibweza kwa bambo a sitolo aja, tinagwirizana, ndinawonjezera pang'ono n'kusankha ina. Ulendo uno ndinapita ndekha, nditavala buluku mkati mwa chitenje. Ndinaima pakati pa njinga iliyonse mapazi onse ali pansi, n'kuona ngati pakati pa ine ndi chitsulo patsala mpata. Ya 27.5 inali yabwino ndithu, koma felemu imene anali nayo inali yotalika, ndiye ndinabwerera ku ya 26. Ndinakanikiza handulo kuti ndione ngati masipuling'i akutsogolo akutsika ndi kulemera kwangaku. Ya sipuling'i kumbuyo ndinaikana, ndinafuna kaliyala wolimba. Zogwirira mabuleki anandisendezera mpaka zala zinazikwana. Kenako ndinaipalasa kuzungulira msika, anyamata a kabaza akuyang'ana, ine osawalabadira. Sikuti tayala la 29 ndi loipa. Zoti limadutsa bwino pamiyala n'zoona, ndipo bodza la amuna anga linandigwira chifukwa linali losakaniza ndi zoona. Kungoti njinga ija sinali ya thupi langa.

Ndiye inu owerenga, makamaka amayi anzanga, mukamagula njinga ya m'mapiri musatengeke ndi mtundu kapena kukula kwake. Imani pakati pake, ikwereni, igwireni mabuleki, ganizirani katundu amene muzinyamula ndi njira zimene muzidutsa. Manyazi a mphindi zochepa pakhonde la sitolo ndi abwino kuposa bedi la kuchipatala. Ndipo wokuperekezani akamaikonda njingayo kuposa inu, muyang'aneni bwino.

Chimodzi chokha ndimanong'oneza nacho bondo pa kubwezera kwanga. Nkhani ya kumalire ija inafika kusukulu ine ndisanafike n'komwe kunyumba. Ana anzake anayamba kumulizira Tadala belu ndi pakamwa akamadutsa, n'kumamufunsa kuti bambo ake apeza nsapato kodi. Mwanayo anakhala masiku osafuna kupita kusukulu, ndipo tsiku lina akutsuka mbale anandifunsa osandiyang'ana kuti, "Amayi, simukanangowathamangitsa mwakachetechete?" Ine ndinkaponya matope kwa bambo ake, osaona kuti mwana waima pafupi. Ngati muli ndi ana, kumbukirani zimenezo musanaitane gulu.

Amayi a kumpingo amabwera kudzandiuza kuti ndikhululuke. Ndimawayalira mkeka, ndimawamvetsera, timapemphera limodzi. Kwa Tadala ndinapepesa, ndipo ndinapepesa kuchokera pansi pa mtima. Koma za bambo akewo, Mulungu andipatse nthawi, chifukwa panopa ndikati ndakhululuka ndiye kuti ndawonjezera tchimo la bodza.