Telala Amene Ankakhalira Manja Ake

Khoma lolekanitsa chipinda changa ndi cha amake mapasa ndi la njerwa imodzi, choncho banja lawo ndimalidziwa ndi makutu. Sindine munthu wocheza. Chimwalirireni bambo a kunyumba kwanga ndimakhala ndekha, ndipo ndikatuluka panja mawu anga amathera pa moni. Koma m'mawa uliwonse, madzi a tiyi asanawire n'komwe, ndimakhala nditamva kale kuti nsapato ya ndani yasowa, ndani sanasambe m'khosi, ndani wanyambita shuga.

Amake mapasa ndi telala. Makina awo ndi akuda, opalasa ndi mapazi, ndipo amakhala pakhonde moyang'anana ndi mpopi umene tonse a pamdadada uno timatungapo madzi. Ana ali nawo anayi: mtsikana woyamba amene ali ku sekondale, mapasa aakazi amene amatha kulimbirana ngakhale mthunzi, ndi mzime wa zaka zinayi amene timamutcha Abwana chifukwa ndiye amalamula nyumba yonse. Amuna awo timawatcha Adalaivala. Anayendetsa basi zaka makumi awiri.

M'mawa mayiwo amayankhula mapini ali kukamwa, tepi yoyezera ili m'khosi, dzanja lina likupesa mwana, lina likutakasa phala.

"Iwe, sokosi inayo ili kuti?"

"Watenga uyu!"

"Bodza amayi! Yanga ndi yobooka kuchala, iyi ndi yobooka kuchidendene."

"Valani zobookazo, aphunzitsi sasuzumira m'nsapato. Ndine telala wa anthu ine, osati wanu."

Chaka chatha, tsiku lina m'mawa, Adalaivala anawerama kuti amange zingwe za nsapato ndipo sanaweramukenso. Inali sitiroko. Atatha milungu itatu kuchipatala anabwera atanyamulidwa ndi anthu awiri, mbali yonse ya kumanja itafa, pakamwa patakhota. Mawu onse anathawa, kunangotsala amodzi: "Chabwino." Ukawapatsa moni, chabwino. Ukawafunsa ngati madzi akuwotcha, chabwino, misozi ili mbwee.

Mayi wa ku mafizo, kumene amaphunzitsa odwala kugwiritsanso ntchito ziwalo, anawauza amake mapasa chinthu chimodzi chimene anachigwira ngati lamulo: chimene wodwala angathe kuyesa yekha, musamuchitire. Atafika kunyumba anatenga shati yakale ya amuna awo, nathothola mabatani onse. Anakuza mabowo ake n'kusokererapo mabatani a jasi, aakulu ngati zitsekerero za botolo. M'mawa mwake, ana atapita kusukulu, anawakhazika bambowo pampando pakhonde, kuwaponyera shatiyo m'mapewa, n'kunena kuti, "Mangani."

Kenaka anakhala pabenchi, nalowetsa manja awo onse awiri kunsi kwa ntchafu, n'kuwakhalira.

Ndinkasesa pakhomo panga ndipo ndinaona zonse. Dzanja lakumanzere linkakoka lakumanja ngati likukoka mwana wokana sukulu. Zala zinkafika pa batani n'kuterereka. Thukuta linatsika. Mayiwo manja sanawatulutse. Batani loyamba linalowa dzuwa litafika kale pa chingwe choyanikira zovala.

Pampopi nkhani inali yomweyo. Mayi wina amene timamutcha Awailesi sanachepetse n'komwe mawu.

"Munthu anakudyetsa zaka zonsezi, lero walephera kumumangira batani? Mtima wa mwala uwu. Kaya tiziti akubwezera chiyani."

Ine ndinatunga madzi anga n'kubwerera. Bambo a kunyumba kwanga anadwala nthenda yomweyi. Ndinkawadyetsa, kuwasambitsa, kuwaveka, ngakhale ntchentche ndinkawaingitsira, ndipo anthu ankanditama. Patatha chaka dzanja lawo linali litapindikira pachifuwa, silinatambasukenso. Sindikunena kuti ndinalakwa. Sindikudziwa.

Utatha mwezi amake mapasa anayamba china. Anakokera mpando wa amuna awo ku makina, namangirira phazi lakufalo pa chopondera ndi kansalu kotsala podula. Poyamba ankapalasa okha, phazi la bambowo likungokwera ulele. Kenaka anachotsapo lawo. Iwo ankagwira nsalu pamwamba, bambo n'kumapalasa pansi.

"Pondani mafuta, adalaivala, tili pachitunda! Eya, choncho. Buleki! Buleki! Aaa, mwapitirira siteji, kolala yathera apa."

Misoko inkatuluka yokhotakhota ngati modutsa njoka. Masana, bambowo akagona, mayi ankakhala ndi lezala kumasula zonse n'kusokanso okha. Yunifolomu imodzi inkasokedwa kawiri. Makasitomala ena anatopa kudikira n'kupita kwina. Pakati pa zimenezi panali kuchapa zofunda, kuthamangira kumsika, kukatenga Abwana kusukulu ya mkaka, kuweruza milandu ya mapasa. Woyamba uja akaweruka ankavula yunifolomu n'kulowa kukhitchini osauzidwa.

Ndi pa makina pomwepo pamene anawapeza azakhali a anawo, mlongo wawo wamkulu wa Adalaivala. Mayi ameneyu si woipa. Makolo awo atamwalira ndiye analera mlongo wakeyo, kumuphunzitsa mpaka kumupezera laisensi. Anafika ndi zipatso m'jumbo, n'kuona munthu amene anamubereka kumsana ali thukuta kamukamu, phazi lomangidwa, shati yomangidwa mopingasa, dovu likutsikira pachibwano. Jumbo inagwa pansi.

"Alamu, ichi n'chiyani? Wodwala mwamulemba ganyu?"

"Ndi mankhwala amenewa, alamu. Khalani pansi ndikufotokozereni."

"Mankhwala omanga munthu ngati mbuzi? Ngati mwatopa naye nenani. Kwathu chipinda chilipo, bedi lili pawindo, womusamala alipo. Sadzakhudza ngakhale supuni."

"Akasiya kukhudza supuni ndiye kuti tawataya."

"Tiwafunse eni ake. Achimwene, mupita nane?"

"Chabwino," anatero Adalaivala.

"Mwamva nokha."

"Alamu, awa amatero ngakhale mutawafunsa ngati ali ndi pakati."

Azakhali sanaseke. Ananena kuti Loweruka la sabata imeneyo sakhalapo, koma linalo abwera ndi galimoto kudzawatenga Adalaivala, ndipo abale onse agwirizana kale. Amake mapasa anawaperekeza mpaka kumsewu mwaulemu. Pobwerera anadutsa pakhomo panga akuyankhula okha: "Masiku khumi ndi awiri."

Sakanatha kukangana ndi mtundu wonse wa amuna awo, ndipo mwini wake analibe pakamwa podzikanira. Chimene anali nacho ndi chitini cha mabatani. Anachotsa a jasi aja n'kuika ocheperako, a diresi la sukulu. Anawonjezera kupalasa madzulo, ana akulemba ntchito ya kusukulu pamkeka. Ankafuna kuti azakhali akadzabwera adzaone ndi maso awo kuti dzanjalo likudzuka.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri Adalaivala anakwiya. Batani lina linawakana nthawi yaitali, ndipo anakankha chitini chija ndi chigongono. Mabatani anamwazika khonde lonse, ena mpaka m'ngalande. Anakuwa "Chabwino! Chabwino!" ndi mawu amene sindinawamvepo. Amake mapasa ananyamuka mwakachetechete n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, kumene ine ndinkayanika zovala. Anatsamira khoma, tepi ili m'khosi, akulira mosatulutsa mawu.

"Aneba," anatero, "ndiuzeni zoona. Kodi ndine mfiti?"

Ndinangoti, "Amuna anga ndinkawaveka ine."

"Ndiye?"

"Ndiye ndinawaveka mpaka tsiku lomaliza."

Anandiyang'ana. Kenaka anapukuta kumaso ndi m'mphepete mwa nsalu yawo, nabwerera. Anatola mabatani onse, kuwathira pathebulo la makina, n'kuika chitini chopanda kanthu pambali.

"Mwataya ndinu, mutola ndinu. Limodzilimodzi. Ndi dzanja lakumanja, ndikukuonani."

Adalaivala anatola. Anamaliza ana akuchokera kusukulu.

Loweruka lija galimoto inafika m'mawa, mapasa akutsuka mbale. Munali azakhali ndi amuna awo. Amake mapasa anali atalongedza kale chikwama, chifukwa ananena kuti munthu sangachoke m'nyumba mwawo ngati wothamangitsidwa. Pamwamba pa zovala anaikapo chitini cha mabatani. Azakhali anachichotsa n'kuchiika pawindo.

Anabwera ndi shati yatsopano, yoyera, ikadali m'pepala lake. Mabatani ake anali aang'ono ngati maso a nsomba, mabowo ake olimba, osalowetsedwapo kanthu. Otere Adalaivala anali asanawayesepo chidwalireni. Azakhali anawavula shati ya mabatani a diresi ija, kuwaveka yatsopanoyo, n'kumanga mofulumira kuyambira pansi mpaka pakhosi.

"Onani kukongola kwake. Munthu azioneka ngati ali ndi abale. Tiyeni, gwirani uko tiwanyamule."

Amake mapasa anali pabenchi paja, manja kunsi kwa ntchafu. Ana anaima pakhomo. Ine ndinali ndi tsache m'manja, ndikusesa malo amene ndinali nditasesa kale.

Atawagwira m'khwapa, Adalaivala anaumitsa thupi. Anakoka dzanja lakumanja ndi lakumanzere, kulikweza mpaka pakhosi, n'kuyamba kufufuza batani lapamwamba.

"Yakuthinani? Dikirani ndikumasulireni," anatero azakhali.

Adalaivala anawakankha ndi chigongono.

"Alamu," anatero amake mapasa mofatsa, "khalani pansi apa. Khalirani manja. Zimathandiza."

Sindikudziwa chifukwa chake, koma azakhali anakhala. Batani loyamba linatenga nthawi yoti ketulo n'kuwira. Litatuluka, Abwana anakuwa, "Limodzi!" Zala zinatsikira pa lachiwiri. Pamenepo tonse tinazindikira kuti si kuthina. Amuna a azakhali anapita kukazimitsa injini.

Pampopi ndowa ya Awailesi inadzaza n'kumasefukira, mwini wake osaona. Lachitatu linatuluka msanga. Lachinayi linavuta. Linkafika pakamwa pa bowo n'kubwerera, kanayi konse, ndipo shati yoyerayo inanyowa pamsana. Mmodzi wa mapasa anasuntha phazi kuti akathandize, mnzake anamukoka diresi.

"Ukapita amayi akudula miyendo."

"Ndimangofuna kuona!"

"Onera pompo."

Woyamba uja anali ataluma chala chake. Mayi awo sanayang'ane kumbali, milomo yokha ndiyo inkagwedera ngati akuwerenga misoko.

"Anayi!" anakuwa Abwana, amene pa nthawiyo kuwerenga kwake kunkathera pomwepo. Lachisanu analitchulanso kuti anayi. Lachisanu ndi chimodzi chimodzimodzi.

Adalaivala anagwedeza phewa, shati inatsetsereka. Anaisolola m'dzanja lakufalo pang'onopang'ono, naiika pamiyendo pa mlongo wawo. Anawayang'ana m'maso, n'kunena mawu awo amodzi aja motsitsa kwambiri. Kenaka anakwekwesa mpando ndi mwendo wamoyo mpaka pa makina, nanyamula phazi lakumanja ndi dzanja, kuliika pa chopondera popanda kansalu komangira. Gudumu linazungulira kamodzi, n'kuima, n'kuzunguliranso.

Azakhali sanathe kupukuta misozi msanga chifukwa manja anali akadali kunsi kwa ntchafu. Atawatulutsa anapinda shati ija bwinobwino.

"Makani amenewa unabadwa nawo iwe," anatero kwa mlongo wawo, ulemu wa achimwene utaiwalika. "Uli mwana unkalavula phala ndikakudyetsa, kufuna supuni yakoyako." Anatembenukira kwa amake mapasa. "Shatiyi isungeni. Mabatani ake musachotse. Koma ndizibwera Loweruka lililonse, ndipo ndikadzapeza waonda, alamu, mudzandidziwa."

"Muzibwera ndithu. Lezala lachiwiri lilipo, muzidzatithandiza kumasula misoko ya adalaivala anuwa."

Chikwama chinabwerera m'nyumba. Galimoto inapita ndi anthu awiri omwe inabwera nawo, ndipo isanakhote n'komwe mayiwo anali atayamba kale kufunsa amene wasiya sopo m'madzi.

Papita miyezi isanu ndi itatu tsopano. Adalaivala amayenda ndi ndodo mpaka pampopi n'kubwerera, akukoka mwendo pang'ono. Basi sadzayendetsanso, zimenezo aliyense akudziwa, ndipo dzanja lija likatopa limanjenjemera mpaka tiyi kutayika. Mawu abwerera okwana khumi ndi angapo. Mwa amenewo muli "ayi," amene amake mapasa akuti akanakonda akanachedwerako, chifukwa tsiku lonse amalunjika kwa iwo. Misoko yowongoka amasoka awiriwo, koma makolala mayi amapalasa okha.

Shati yoyera ija amavala tsiku lopita ku mafizo. Amamanga okha, ndipo kawirikawiri amaphonya bowo limodzi, mbali ina n'kutalika kuposa inzake. Amatuluka choncho pamdadada wonse, mkazi wawo ali pambuyo ndi chikwama, manja onse awiri atagwira zingwe zake zolimba.