Lole Imene Sinamveke Ikubwera

Ndinadzuka kusanache, ngati kumeneko nkudzuka, chifukwa ndinangotsamira khoma la siwa pamene nyimbo zinayamba kuzilala. Mwera unawomba usiku wonse. Panja amuna anali atazungulira chikuni, ena akusinza. Bokosi la mlongo wanga Yotamu linali pakati pa nyumba, lokhomeredwa kale. Sanatilole kuona nkhope.

Yotamu ankayendetsa lole ya ku esiteti ya mphira. Inagubuduzika ali yekha pa mtsetse wotsikira ku mlatho, kuseri kwa chitunda cha mudzi wathu. Anthu ankati mabuleki anakana. Ena ankanong'ona kuti pali dzanja la munthu, poti kwathu munthu safa chabe.

Kutacha amayi anasonkha moto kuseri kwa nyumba. Anthu anayamba kufika, a ku Bandawe wapansi, a ku Kande pa njinga, ena atasenza nkhuni, ena ufa wa kondowole. Dzuwa litakwera inafika lole ina ya ku esiteti, yodzaza anzake a malemu. Mwana wanga Tamala, amene anakwatiwa komweko, anatsika ali ndi khanda kumbuyo, likutsokomola. Woyendetsa anali bambo Chikaonda, a ku Dedza, amene anaphunzitsidwa galimoto ndi Yotamu.

Ndikudutsa pophikira, mayi wina anandigwira dzanja. Tsiku la ngozi anali akuviika chinangwa pafupi ndi mlatho.

"Pepani, ama," anatero. "Ife sitinaimve n'komwe ikubwera. Tinangoona fumbi."

Iye anangonena, nabwerera ku moto wake. Ine ndinadziwa tanthauzo lake. Ndinakwerapo lole ya Yotamu. Akafika pamwamba pa mtsetse ankachotsa giya, nkuthimitsa injini, lole nkumatsika yokha mwakachetechete, iye akuseka kuti akusunga dizilo. Sukulu ya galimoto sanapondeko. Anaphunzira poonerera dalaivala amene ankamukwezera katundu, ndipo anatengera zonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Malemu amuna anga, amene anali makaniko ku migodi, anamuuzapo kuti mabuleki a lole ngati imeneyo amadalira mphepo yochokera ku injini, ukaithimitsa mphepo imatha. Yotamu anayankha kuti msewu umenewu amaudziwa ngati njira ya kudimba.

Masana tinanyamuka kupita ku manda. Amayi a mpingo anatsogola ndi nkhata za maluwa, mphepo ikuwakoka mipango. Kunawaza kamvula. Wapampando wa chipani analankhula nthawi yaitali, zambiri zosakhudza maliro, ndipo palibe amene anayerekeza kusuntha. Kenaka anaimirira kapitawo wa ku esiteti. Anati ataya dalaivala wosamala, amene sankawononga mafuta ngati anzake. Anthu anavomereza ndi mitu. Ine ndinamva mkwiyo, ndipo ndinasowa womukwiyira. Pothira dothi misozi inakana kutuluka.

Titabwerako, Tamala anati sagona, khanda likufunika kukaonedwa ku chipatala cha ku esiteti m'mawa. Njira inali imodzi, lole yomweyo, mtsetse womwewo. Ndinawapeza bambo Chikaonda akusamba m'manja.

"Ada, kodi pa mtsetse paja mumathimitsa injini?"

Anayang'ana pansi. "Mayi, tonse timatero. Ndi mmene anatiphunzitsira achimwene."

"Amene anakuphunzitsaniyo tamusiya uko. Mwana wanga ndi mdzukulu wanga akwera kumbuyo kwanu."

Anapukuta manja pa buluku napita. Sindinadziwe ngati ndawalasa kapena ndangowanyoza pa maliro a mnzawo. Mwamuna sakonda kuuzidwa za chiwongolero ndi mayi amene sanachigwirepo.

Madzulo anthu anabalalika. Mikeka inapindidwa, phulusa linazizira, ndipo mlamu wanga, mkazi wa malemu, anagona chafufumimba kuchipinda. Mwera unali utaleka. Ndinaima pa khonde, ndikumvetsera lole ikukwera chitunda. Itafika pamwamba phokoso linachepa, ndipo ndinagwira nsanamira. Kenaka inayamba kubuula, kubuula kwa giya yaing'ono, pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokoka ngolo. Sinaleke. Ndinaitsatira ndi makutu mtsetse wonse mpaka matabwa a mlatho anagogoda.

Apo ndi pamene ndinalowa m'nyumba, ndinakhala pamene panali bokosi, ndi kuyamba kumulira Yotamu.