Tsiku limene ndinapinda manja ku White City

Amuna anga atadwala sitiroko, mwendo wakumanzere unayamba kukana. Munthu amene ankathamanga mitunda italiitali ali ku sekondale ku Dedza, amene ngakhale kuno ku Edmonton, mu London, ankalawirira Loweruka lililonse kukazungulira paki, anatsala wongokhwekhwereza phazi kuchoka pampando kupita kubafa. Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, ndipo manja angawa anazolowera chinthu chimodzi: munthu akangopendekeka, gwira! Ndiye kunyumbanso ndinkawagwira abambowo paliponse, m'khwapa, palamba, ndi pakolala pomwe.

Mtsikana amene ankawaphunzitsa kuyenda kuchipatala anandiuza mosapita m'mbali kuti ndikapitiriza kuwagwira, sadzayendanso okha. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Mwana wadzulodzuloyu andiphunzitse ine kusamala mwamuna wanga? Kwathu munthu akamadzandira iwe n'kumangoonerera, anthu amati ndiwe mfiti. Ndinangoti chabwino, koma mumtima ndinati wanama.

Tsiku lina ndisali pa shifiti, abambo anati, "Amayi, valani. Tikupita ku White City." Ndinafunsa kuti kuli ndani wathu kumeneko. Anati kulibe munthu, kuli mzere. Mzere! Koma poti miyezi yonseyi anali asanapemphepo kutuluka, sindinafunse zambiri. Ndinavina ndekha kukhitchini, ndinawasitira malaya, n'kutulutsa nsapato zawo zothamangira zimene ndinabisa pansi pa bedi kuti zisamawaliritse.

Tinakwera sitima ya Overground mpaka ku Liverpool Street, kenako ina ya Central line. M'sitimamo ndi mmene anandifotokozera. Zaka zoposa zana zapitazo ku White City kunali bwalo lalikulu la Olimpiki, ndipo mpikisano wautali uja wa marathoni unathera komweko. Woyamba kulowa m'bwalo anali Mtaliyana, koma ali wefuwefu, akungogwa. Akuluakulu oyang'anira anamva chisoni, namudzutsa, namuwolotsa mzere atamugwirira. Kumbuyo kwake kunabwera Mmereka, wotopanso, koma anawoloka ndi miyendo yake. Mendulo yagolide inapita kwa Mmerekayo.

"Nkhanza zimenezo!" ndinatero mokweza mpaka mzungu wa moyang'anana nafe anatsitsa nyuzipepala. "Anthu amuthandize mnzawo, kenako amulande?"

Abambo anangomwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa ija. "Chifundo chinapha nkhwali, amayi."

Titafika, bwalo kulibe. Pali nyumba zitalizitali zagalasi, maofesi, ndi ana a yunivesite ya pafupi pomwepo akudutsa ndi makapu a khofi. Pakhoma pali chikwangwani cha chikumbutso, ndipo pansi, pakati pa miyala yoyalidwa, pali mzerewo ndi mawu osonyeza kuti apa ndi pamene othamanga ankamalizira. Anthu ankangoupondaponda osauona. Koma abambo maso anachita kuwala ngati aona m'bale wochokera kumudzi. Anawerenga chikwangwani chonse, mzere ndi mzere, ine nditawagwira palamba monga mwa masiku onse.

Kenako anandipatsa ndodo yawo. "Tengani iyi, mukaime kutsidya kwa mzere. Mukangondikhudza, ndaluza ngati Mtaliyana uja."

Mayo ine! Tsopano ndinamvetsa chimene tinabwerera. Ndinafuna kukana, ndinafuna kukalipa kuti akagwa pamiyala imeneyi adzawatole ndani, koma nkhope yawo inali ya munthu amene watsimikiza. Ndinapita. Ndinawerenga mapazi anga, anakwana makumi awiri. Ndodo ndinaiika kumbuyo n'kuigwira ndi manja onse awiri, kuti manjawo asandipandukire.

Anayamba. Phazi lamanja, kenako lamanzere lija khwee. Lamanja, khwee. Atafika pakati, bondo linagwedezeka, thupi lonse n'kupendekera kumanzere. Mwendo wanga unanyamuka wokha. Ndinaubweza. Nthawi yomweyo mnyamata wina wa yunivesite, wamtali, anaika khofi wake pansi n'kuthamangira kukawagwira.

"Musiye!" ndinakuwa. "Iwe, asiye amuna anga!"

Chichewa chenicheni, pakati pa London. Mnyamatayo anaima njii, manja ali m'malere, ndipo anamva bwinobwino popanda womasulira. Ine, mayi wogwiragwira uja, ndine ndinali kuthamangitsa wothandiza.

Abambo anapuma, anawongoka pang'onopang'ono, n'kuyambiranso. Anthu anayamba kuima. Wina anayamba kuwomba m'manja, enanso anatsatira, osadziwa n'komwe kuti akuchemerera chiyani. Ine ndinkangoti, "Tiyeni, abambo, tiyeni! Atsala asanu! Atatu!" Nsapato yamanja inawoloka. Yamanzere inatsalira pang'ono pamzere penipeni, ngati ikuganiza kaye, kenako khwee, inawoloka nayonso.

Ntchembere za kwathu zikanandimva! Ndinaimba nthungululu yoti nkhunda zonse zinabalalika. Ndinataya ndodo, ndinalumpha, misozi ili chuchuchu, ndipo sindinachite manyazi ngakhale pang'ono. Ndinasangalala kuposa tsiku laukwati wathu, ndikunena zoona.

"Tsopano mutha kundigwira," anatero abambo akupumira m'mwamba. "Mpikisano watha."

Ndinatambasula manja, koma ine ndi amene ndinapendekeka. Anachita kundigwira ndi iwo.