Zitsulo za M'manda a Eni

Fungo la majekete onyowa m'basi limandikumbutsabe chisanu chimene ababa anayamba kuwonda. Tinkakhala mumzinda wa Hull, ku Mangalande. Loweruka lililonse, amayi akagona pochokera kuntchito yawo ya unamwino, ababa ankapita nane kunyumba yosungiramo zinthu zakale, poti kunali kofunda ndipo phokoso langa silikanadzutsako munthu.

Ine ndinkafuna kuthamangira kwina, koma iwo ankakakamira pa kabati imodzi yagalasi. Munali zitsulo zodyeka ndi dzimbiri: nsonga za mikondo, timphete ta chimake cha lupanga, ndi chitsulo cha pakati pa chishango, chooneka ngati mbale yovundikira. Mitengo ndi zikopa zake zinawola kalekale. Ndinawawerengera chikwangwani monyadira Chingerezi changa, kuti zonsezi anazifukula m'manda a ankhondo amakedzana.

Ababa anavula chipewa n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono ngati akulonjera akuluakulu. Azungu anacheuka, ine manyazi anandigwira.

"Ndiye eni akewa analibe abale?" anafunsa uku akutsokomola. "Munthu kumuika ndi mkondo wake, ena n'kudzamulanda? Iwe Tadala, ine musadzandisiye kuno. Kwathu ku Ntcheu, kumanda ngakhale nkhuni sitola."

Mawuwa ankawabwereza ulendo uliwonse, atagwira galasi ndi zala zowondazo. Ine ndinkangoti "Okay, Dad," n'kuwakoka jekete kuti tizipita.

Anatisiya mitengo isanaphuke masamba. Anzathu akutchalitchi anadzaza m'nyumba, nsapato zili mbwee pakhomo, ndipo foni yochokera kumudzi sinkapuma, abale akufuna maliro apite kwawo. Amayi, maso ali otupa, anakanitsitsa. "Mwanayu azikawalirira pati? Pafoni?" Tinawaika kumanda a mumzinda, m'dothi lakuda lozizira, pakati pa mayina oti iwo sakanatha n'kuwatchula komwe.

Tsikulo mtima wanga unakhala pansi, chifukwa ndinkaona ngati tawapulumutsa ku ulendo wautali, ali okhaokha m'bokosi. Amayi ndinadzawafotokozera za kabati ija ndili wamkulu kale, ndipo anakhala pansi n'kugwira pakamwa. Sanadziwe. Ababa mawuwo ankawakanika pamaso pa akazi awo, choncho anawasungitsa kwa ine, kamwana koyesa kuti akungodandaulira eni zitsulo. Mpaka lero zimandiwawa kuti munthu wamkulu ngati uja analibe wina womuuza.