Mawu a Amayi M'Chingerezi

Aphunzitsi athu a Sitandade 7 anali ndi lula yathabwa yothyoka kumapeto, imene ankagogodera pa bolodi mpaka fumbi la choko kutilowa m'mphuno. Ndi lula imeneyo anatiphunzitsa kuti m'Chingerezi munthu akakhala mmodzi, mneni wake amasenza s, akakhala ambiri amamutula. He goes, they go. Tinkaimba zimenezi ngati nyimbo ya kwaya, mvula ikuboola malata.

Ife tinali matenanti, ochokera ku Phalombe, olima fodya wa bale pa esiteti ina cha ku Lisasadzi. Makuponi a feteleza ankangotidutsa, poti mayina athu anatsala kumudzi. Choncho amalume, omwe ankatisunga ine ndi amayi, ankatapako pang'ono feteleza wa abwana n'kuthira pa kachimanga kathu kuseri kwa chigafa. Tenanti wogwidwa ndi zotere ankathamangitsidwa fodya asanapite ku okushoni, thukuta la chaka chonse n'kutsala m'manja mwa eni. Nkhaniyi sinkatchulidwa ngakhale pa chakudya.

Mu Januwale aphunzitsi anayamba za mitengero, timizere tiwiri tija totsekera mawu amene munthu walankhula. Anatipatsa ntchito yoti tsiku lililonse tizilemba m'Chingerezi mawu amene tamva kunyumba, ndendende, mpatuliro patsogolo, chilembo chachikulu poyambira. Ndinathamangira kunyumba ndili wonyada, n'kukafotokoza za ntchitoyo. Amayi anasiya kusoka fodya, manja ali bii ndi utomoni, n'kundifunsa kuti aphunzitsiwo anakwatira kuti. Ankadziwa kale yankho. Mkazi wawo anali mphwake wa mkazi wa abwana.

"Ndiye akufuna mawu a m'nyumba muno akawatani?"

Kuyambira tsiku limenelo, ndikalowa m'chigafa nkhani inkaduka. Amalume ankangotsokomola. Zinkandiwawa kwambiri, chifukwa ndinkadziona ngati galu wa eni wolowa pakhomo. Koma kundiletsa sukulu sakanatha, ndiye amayi anapeza nzeru yawo: madzulo ankaima chilili n'kundiuza mawu oti ndilembe. "Abwana ndi munthu wabwino." "Fodya wathu yense timapereka." Ine ndinkatembenuza, n'kusamala s ndi timizere tanga, aphunzitsi n'kuchonga.

Lero ndikaganiza ndimaseka ndi chisoni, chifukwa munthu wamantha amakana ndi zomwe sanafunsidwe. Tsiku lina amayi anandilembetsa kuti, "Chimanga chathu sitithira feteleza." Aphunzitsi anawerenga, nayang'ana pazenera kanthawi, kenako anandikonzera mpatuliro umene ndinaiwala.

Loweruka lake m'mawa tinamva belu la njinga. Anali aphunzitsi, thalauza atalipinda chifukwa cha matope. Amalume anazemba. Amayi anagwada n'kuwapatsa moni ndi mawu oonda amene sindinawamvepo. Aphunzitsi anati angodutsa, ndipo afuna kunena kuti mwanayu Chingerezi akuchitha, asadzamusiyitse sukulu. Pokwera njinga anaponya maso kuseri kwa chigafa, kumene chimanga chinali chitabiriwira mpaka kuda, chili pafupi kumasula.

"Chimanganso chakoma, mayi."

Mpaka pano sindidziwa ngati munali kanthu m'mawu amenewo. Masiku ena ndimati anali munthu wokonda ntchito yake basi. Masiku ena ndimakumbukira mmene anayang'anira pazenera paja. Abwana sanabwere, sitinathamangitsidwe, ndipo zimenezi sizitsimikiza chilichonse.

Belu litangozilala, amayi anatenga chikwanje. Anadula phesi limodzilimodzi, osafulumira, madzi a m'mapesi akununkha ngati nzimbe, n'kukaponya zonse m'dzenje la kudambo. Febuluwale yense tinadya nkhwani ndi gaga wa pa ngongole.

Ine ndinaima pamenepo ndikulira mokwiya. Aphunzitsi anali atangondiyamikira pamaso pawo, anayamikiranso chimanga, ndipo ndinkafunsa mobwerezabwereza kuti chalakwika n'chiyani. Amayi anandiuza kuti ndigwire mapesi kumchira, tithandizane kukoka.